Mpingo wachangu ndi uti?

Lolemba lapitali m'mawa ndinali pakhonde ndikumata chubu cha njinga pamene Che Amidu anatulukira, atanyamula kampango wowamba wokulungidwa m'nyuzipepala. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti ndi nyuzipepala yathu yomwe ino, ndipo mafuta a nsomba anali atalowerera pa ndime yanga yeniyeni. Sindinakwiye. Bola zolemba zangazi zikugwirako ntchito ina kuno kwa Mponda.

Kwa inu a kutali, Che Amidu ndi msodzi wa matchera. Ndi munthu wamkulu, mutu uli mbuu, ndipo kuyambira chaka chatha chifuwa chawagwira molimba. Akuti anachitenga kumigodi ku Joni akadali mnyamata, chinangogona zaka zonsezi, tsopano chadzuka. Kuchoka kwawo kufika kwanga si patali, koma anafika ali wefuwefu, n'kukhala pa sitepe osadikira mpando.

Titalonjerana anati, "Aphunzitsi, inu munayenda, munawerenga. Tandiuzani. Mwa mipingo yonse ili pa Mangochi pano, wachangu ndi uti?"

Ndinaseka. "Wachangu bwanji, Che Amidu? Mpingo wasanduka basi?"

"Elo, inde ambuje, sekani. Koma ine nthawi ndilibe. Ndikufuna umene ungandibatize msanga, ndisanagone."

Kuseka kunathera pomwepo.

Chipumireni ntchito ya uphunzitsi ndafunsidwa zambiri pakhonde limeneli. Ena amafuna ndiwalembere kalata, ena ndiwawerengere ya mwana wawo amene ali kutauni. Koma funso lotere linali loyamba, ndipo mpaka lero landisowetsa mtendere.

Nkhani yake ili motere. Che Amidu anabadwira ku Katuli, m'banja la Chisilamu, koma iwo eni amavomera kuti chibwerereni ku Joni sanapondemo mu mzikiti. Si a ku mzikiti, si a ku tchalitchi, ndi a pamadzi basi. Asanapite kumigodi anakwatira kwawoko mtsikana wina, Abiti Saidi, ankhoswe alipo mbali zonse. Pobwerako sanapitenso ku Katuli. Anaima pa doko, nagula matchera, nakhazikika. Mlandu umenewo ndi wawo, ndipo sindiwaikira kumbuyo.

Kuno anapeza a Esnati, mwana wa m'banja lakale la mishoni ya kutsidya, anthu oti agogo awo anaphunzirira kuwerenga m'buku la nyimbo. Akhala limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ana anayi. Ndipo zaka zonsezo a Esnati ndi odulidwa ku mgonero, chifukwa anakwatiwa ndi munthu wosabatizidwa, amenenso mkazi wake woyamba akadali moyo.

Kudulidwa si kuthamangitsidwa, muzimvetse. A Esnati sajomba Lamulungu. Loweruka amasesa tchalitchi. Pamaliro ndi iwo amene amayamba kufika, nkhuni zili pamutu. Koma ikakwana nthawi ya mgonero, anthu tikamanyamuka benchi ndi benchi kupita ku guwa, iwo amangopendeketsa mawondo kuti tidutse bwino. Ndikudziwa chifukwa tchalitchi chimenecho ndi changanso. Mawondo amenewo ndawadutsa kambirimbiri, ndikunena "zikomo" osayang'ana nkhope ya mwini wake.

"Za kumwamba ine sindizidziwa kwenikweni," anatero Che Amidu, chifuwa chitawapatsa mpata. "Koma mayi aja, aphunzitsi. Chiyambireni matendawa amandisambitsa ngati khanda. Zimene ndimalavula amakataya okha, ana asaone. Ine ndiwapatse chiyani? Bwato lavunda, matchera ang'ambika. Ndikungofuna ndiwaone ndi maso angawa akunyamuka pa benchi paja, akupita kutsogolo ndi anzawo. Kamodzi kokha basi."

Ine pakamwa panga sipachedwa, mukundidziwa. Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi anali kuti, poti zengerezu analinda kwawukwawu. Anandiuza kuti kalasi ya ubatizo anailowapo kawiri. Koma kalasiyo imakumana Loweruka m'mawa, nthawi imene msodzi amakhala akuwonjola nsomba m'matchera, ogula atamuzungulira. Nsomba zikasamukira ku nyanja ya Malombe, naye amasamuka miyezi iwiri kapena itatu. Pobwerako amapeza khadi lake la kalasi lili ndi mipata yambiri, n'kumuuza kuti ayambirenso. Atauzidwa zimenezi kachiwiri anagwa ulesi. Amene anakonza kalasi imeneyi ankaganizira mlimi, amene munda wake suyenda.

Tsono nzeru imene anabwera nayo kwa ine inali iyi: ubatizo ndi ubatizo. Ukabatizidwa kulikonse kumene akufulumira, akupatsa kalata, iwe n'kupita nayo ku tchalitchi cha akazi ako, monga muja chipatala chaching'ono chimakulembera kalata yopita nayo ku chachikulu. Ndinadziwa kuti sizitero. Koma ndinalibe mtima wowauza, ndiye ndinadzinamiza kuti safunsa anadya phula, tiyeni tikafunse. Ndinamaliza kumata chubu, ndinamangirira pilo pa kaliyala, ndipo Lachiwiri tinauyamba ulendo.

Tikudutsa pamsika anyamata anatiimitsa kuti aone makhadi a chipani, monga mwa masiku onse. Che Amidu anatulutsa lawo m'chipewa, lokulungidwa m'pepala la shuga. Titapitirira anandinong'oneza kumsana kuti, "La pansi pano ndili nalo, aphunzitsi. La kumwamba ndi limene lavuta."

Tinayamba ndi mpingo wopemphera Loweruka. Mtsogoleri wake ndi kalipentala, munthu waulemu wake, ndipo anatilandira ndi manja awiri. Anati kwawo kalasi si ya zaka, ndi ya miyezi, malingana ndi mutu wa munthu. Nkhope ya Che Amidu inawala. Kenaka kalipentala uja anayamba kutchula zoyenera kusiya. Fodya wa pamphuno. Mowa, umene Che Amidu sanaulawepo chibadwire. Kugwira matchera tsiku lopemphera. Ndi nsomba iliyonse yopanda mamba: kampango, mlamba, bombe, zonsezo akuti n'zodetsedwa.

Kumuuza msodzi wa mu Shire kuti kampango ndi wodetsedwa! Nanga ana anayi aja akulira chiyani?

Koma Che Amidu sanatsutse. "Kudya ndisiya lero lomwe," anatero. "Kukhosi kuno kukudutsa phala lokha masiku ano. Koma matchera sasankha, ambuje. Akakola kampango, ana angawo amubweze m'madzi?"

Kalipentala anamwetulira, nati zimenezo n'zokambirana. Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa: "Nanga kunyumba, mayi ndi mmodzi?" Atamva za Abiti Saidi anaika pansi thabwa limene ankapala. Anati nkhani imeneyo iyambe yakonzedwa. Ine ndinaonjezapo uchitsiru wanga pofunsa ngati angabatize munthu amene adzapite ndi kalata ku tchalitchi china.

"Aphunzitsi, inunso?" anatero. "Ife sitibatiza munthu wodutsa. Wobatizidwa kuno ndi wa kuno, iye ndi nyumba yake yonse."

Sananame. Mpingo uliwonse ukanayankha chimodzimodzi, wanga womwe.

Lachitatu tinatsikira m'mbali mwa Shire, kumene kuli kampingo kosonkhana pansi pa mitengo ya mango. Timipingo totere tayamba kuchuluka, ndipo anthu amatiyang'ana ndi diso la kumbali, poti tonse tikukumbukira zimene zinaonekera mpingo wina uja. Dzina lake sindilitchula, ndili ndi ana. Koma aka n'kololedwa, ndipo chikalata chake mtsogoleri amayenda nacho m'thumba la jekete, kuonetsa ngakhale amene sanafunse. Kale ankaperekera zakudya ku hotela ku Makokola, ndipo mpaka lero akamakulandira amawerama ngati akufuna kukufunsa chimene udye.

Uyu sanafunse za mamba, sanafunse za ku Katuli.

"Lamulungu likubwerali, mumtsinje umu," anatero. "Wakuba uja pamtanda analowa kalasi zaka zingati? Bwerani ndi mayi. Mukatuluka m'madzi, nonse awiri mudya mgonero tsiku lomwelo."

Pobwerera Che Amidu ankayimba kumsana kwanga kanyimbo ka Chiyao, chifuwa chikuwadula pakatipakati. Njinga inapepuka. Ndinayesa nkhani yatha, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu ndime yoseketsa ya sabata ino.

A Esnati tinawapeza akuyanika tinsomba ta kambuzi pa thandala. Anamvetsera zonse osaleka ntchito. Titamaliza anapukuta manja pachitenje, nagwada pambali potipatsa ulemu.

"Aphunzitsi, mwavutika ndi njinga, zikomo," anatero. "Koma ine mpingo ndili nawo kale. Anandidula, sanandichotse. Pa guwa lija anagwadapo amayi anga, anagwadapo agogo anga. Mwana akamanidwa chakudya kwawo sapita kukatambasula manja kwa eni. Bambo akafuna kubatizidwa mumtsinje ndiwaperekeza, ndi bulangete lomwe ndiwanyamulira. Koma ine mgonero wa pansi pa mango sindidya. Ndidikira wa kwathu."

"Mudikira mpaka liti, amayi?" anafunsa Che Amidu.

"Ndadikira zaka zingati kale? Zandipha?"

Che Amidu anayang'ana pansi. "Ndiye m'madzi ozizira aja ndikalowemo chifukwa cha yani?" Anadzuka pang'onopang'ono nalowa m'nyumba, ine n'kutsala panja ndi njinga yanga.

Mwina wina mwa inu akuti mayiyu ndi wouma mutu. Ine sinditero. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, a Esnati okha ndiwo anasankhadi mpingo. Amausankha Lamulungu lililonse, ukuwakana.

Tsono ndikufunseni, inu amene Lamulungu mumavala jekete ndi kupukuta nsapato: mpingo wanu munausankha liti? Munayerekeza ziphunzitso zingati musanalowe?

Ine wanga sindinausankhe. Sukulu yokhayo imene inali pafupi ndi kwathu inali ya mishoni, ndipo mwana wofuna kupita patali ndi maphunziro ankadziwa yekha kuti kalasi ya ubatizo ndi njira. Ikanakhala mishoni ina imene inayamba kukocheza pa doko lathu, bwenzi lero ndikupemphera Loweruka, ndikuchita nseru ndikaona kampango. Mlongo wanga anasintha mpingo tsiku la ukwati, limodzi ndi dzina. Mnzanga wina analowa kumene kunali chipatala chimene chinapulumutsa mwana wake. Wina anatsata kwaya, kapena tinene zoona, anatsata mtsikana wina wa mu kwayamo, ndipo lero ndi mkulu wa mpingo wa mawu aukali. Okalamba ambiri amayang'ana maliro. Kodi awa amabwera angati? Amayimba mpaka kumanda kapena amathawira panjira? Amayi awo amavala zoyera? Munthu amalowa poona kuti awa sadzanditaya ngati galu.

Sindikunyoza aliyense, poti inenso ndili momwemo. Chimene chikundiwawa n'chakuti ife amene tinalowa chifukwa cha sileti ndi choko, ife otsata kwaya, ndife amene lero timakhala pampando n'kumamuyeza Che Amidu ngati cholinga chake chili choyera. Mwa anthu onse amene ndawaona akugogoda pa chitseko cha tchalitchi, uyu yekha ndiye wabwera wosadzifunira kanthu. Sukulu sakuifuna, ntchito sakuifuna. Ngakhale nyimbo za pamaliro sakuziwerengera, chifukwa akudziwa kuti abale ake akadzamva adzabwera kudzamuika mwa mwambo wawo, ife tili pambali.

Kuno Akhristu ndife ochepa, zimenezo aliyense akudziwa. Msonkhano uliwonse timalira kuti mabenchi ali pululu, achinyamata akuthawira kutauni, zigawo za mpingo zikufa. Anansi athu Asilamu timakhala nawo bwino: amatiphera mbuzi paukwati kuti tonse tidye, amabwera pamaliro athu, ife timapita pa awo. Ndipo ndimamva kuti munthu akafuna kulowa kwawo samubwezera ku chaka cha mawa. Ife tinamanga makwerero aatali, n'kukhala pamwamba pake kumadabwa kuti bwanji anthu sakufika.

Ndisanamizire lamulo. Lamulo la mkazi woyamba silinaikidwe pachabe. Azakhali anga anasiyidwa momwemo ndi mwamuna wa ku Joni, ndipo anakalamba akuyang'ana kumsewu basi ikaima. Ku Katuli kuli Abiti Saidi, nayenso ndi munthu, ndipo mlandu suwola. Lamuloli linaikidwa kuti amunafe tisamataye akazi ngati nkhafi yothyoka. Koma taonani amene lamugwera. Kodi ndi Che Amidu amene wakhala pa benchi ya kumbuyo zaka zonsezi? Iwo anali pamadzi, akufwenkha fodya wawo. Wolakwa ndi mwamuna, wolangidwa ndi mkazi wachiwiri, ndipo woyambayo sanapindulepo ngakhale sopo.

Lachinayi Che Amidu anagona tsiku lonse, ulendo wa masiku awiri uja utawapweteka. Lachisanu ananditumira mawu kuti tipite ku tchalitchi cha a Esnati chomwecho, tikagogode pakhomo lenileni.

Wansembe anali atapita kukayendera midzi ya kutali. Tinapeza a Banaba, mkulu wa mpingo amene amaphunzitsa kalasi. A Banaba ndinaphunzira nawo sukulu. Ndi munthu wofatsa, sanakalipirepo ngakhale nkhuku, ndipo zimene nditi ndilembe apa musaziwerenge ngati nkhanza zawo.

Anatikhazika m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, natifotokozera makwerero onse, chala ndi chala. Choyamba, ankhoswe a ukwati wa ku Katuli abwere, mbali zonse ziwiri, adzachitire umboni kuti ukwatiwo unatha.

"Nkhoswe yanga inamwalira," anatero Che Amidu. "Ya kuchikazi inawolokera ku Mozambiki nkhondo isanayambe. Ili moyo kapena ayi, adziwa ndi Mulungu. Ndipo msewu wa ku Katuli mvula ino, ambuje, ngakhale munthu wa mapapo awiri safika."

A Banaba anati pamenepo woona chochita ndi wansembe. Chachiwiri, chaka chimodzi m'kalasi ya omvera. Chachitatu, chaka china m'kalasi ya ophunzira. Kenaka ubatizo, umene kwathu umachitika pa Pasaka. Kenaka kudalitsa ukwati. Kenaka a Esnati alowe kalasi ya obwerera kwa miyezi ingapo. Pamenepo ndiye mgonero.

Che Amidu anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo tonse tinadikira mpaka chitadutsa.

"Ambuje, tandiyang'anani bwino," anatero. "Mukuona munthu wa zaka ziwiri apa?"

A Banaba chisoni chinawagwira, ndinawaona ndi maso anga. "Kuthamanga sikufika, bambo," anatero motsitsa mawu. "Koma musade nkhawa, mpingo si wouma mtima chotero. Zikafika povuta mutumize munthu, tidzabwera kudzakubatizani pamphasa pomwepo. Wodwala kwambiri sitimufunsa za kalasi."

"Sikomo. Nanga mayi aja? Mukandibatiza pamphasapo, iwo alandira?"

"Ayi, bambo. Pokhapokha nkhani ya ukwati itakonzedwa."

Ndipo a Banaba, pofuna kuti munthu asachoke manja ali m'khosi, anaonjeza mawu amene ndikanakonda akanawameza.

"Koma za mayi musadandaule nazo n'komwe. Inu mukadzatsogola, iwo adzakhala wamasiye, ndipo wamasiye alibe chomuletsa. Ikadzangotha miyezi ya maliro adzabwerera ku guwa, popanda wofunsanso za ku Katuli."

Anazinena mokoma mtima. Ndikubwereza, mokoma mtima. Iwo ankayesa akumutula munthu katundu. Ndipo sananame, lamulo limaterodi. Inenso ndakhala ndikulidziwa zaka zonsezi, kungoti ndinali ndisanalimvepo likunenedwa pamaso pa mwamuna wake wa munthu.

Che Amidu anatembenuza chipewa m'manja. Kenaka anati, "Chambone, chabwino. Ndamva." Anathokoza bwinobwino, tinatuluka.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Titatsala pang'ono kufika anandigwira malaya kuti ndiime, natsika, natsamira mtengo.

"Aphunzitsi," anatero, "ine sabata yonseyi ndimati ndikusaka kiyi. Osadziwa kuti mpiringidzo wake ndine."

Ndinayankha zopanda mutu. Ndinati a Banaba sanatanthauze zimenezo, ndinati tidikire wansembe, ndinati ndilembera kalata akuluakulu a mpingo. Iwo anangondisisita paphewa ngati wodwala ndine, nati ndibwerere, potsalapo ayenda okha.

Ndinachita manyazi, ndipo ndikuchitabe. Ndine ndinawakweza pa njinga. Ndikanawauza Lolemba pakhonde paja kuti nzeru yawo siigwira, bwenzi atakhumudwa tsiku limodzi n'kubwerera kwawo osamva zimene anamvazo.

Loweruka m'mawa a Esnati anaima pakhomo panga, tsache lili m'manja, ali pa ulendo wokasesa tchalitchi. Sanakhale pansi.

"Aphunzitsi, kodi dzulo anakuuzani chiyani kutchalitchi kuja? Bambo aja miyezi iwiri tsopano sanajombepo ku jakisoni wa chifuwa. M'mawa uliwonse ndi iwo amandifulumizitsa kuti tizipita kuchipatala. Lero akana. Akuti atopa n'kubayidwa. Phala akana. Akungondiuza kuti nditulutse bulauzi yoyera ya amayi anga ija ili m'sutikesi, ndiichape, ndiisite, ikhale pafupi. Ndikafunsa chifukwa chake sakuyankha."

Ndinati sindikudziwa. Ndinanama, maso anga ali pa tsache.

Madzulo ake ndinapita kukawaona. Ndinawakalipira, ndinawachonderera, ndinawauza kuti a Esnati atadziwa sangaufune mgonero wotero. Anandimvetsera mpaka nditamaliza. Kenaka anati, "N'chifukwa chake simuwauza, aphunzitsi." Anatembenukira kukhoma.

Sindinawauze. Maina onse m'nkhaniyi ndasintha, ndipo a Esnati nyuzipepala sawerenga, amawerenga buku la nyimbo lokha. Koma wansembe amawerenga. A Banaba amawerenga. Inunso akuluakulu a mipingo, amene mumakhala pansi kawiri pachaka kukonza malamulo mukumwa tiyi, mumawerenga, ndipo ena mwa inu mumandiimitsa pamsewu kundiuza kuti ndime yanga imakuseketsani. Sabata ino musaseke.

Sindikupempha kuti muthyole lamulo lonse. Ndikupempha kuti mmodzi wa inu akwere njinga, apite ku nyumba ija ili pafupi ndi doko, akaone ngati palibe njira yoti mayi mmodzi alandire mgonero mwamuna wake akadapuma. Wansembe akuti abwera Lachitatu. Lero ndi tsiku lachitatu Che Amidu osapita ku jakisoni, ndipo bulauzi yachapidwa, ili pachingwe.

Mukachedwa, zonse ziyenda mwa dongosolo. Sipadzakhala lamulo lothyoledwa ngakhale limodzi. Miyezi ya maliro idzatha, a Esnati adzavala zoyera, adzanyamuka ndi anzawo, adzagwada pa guwa la amayi awo. Tsiku limenelo, inu amene mudzagwire chikho, mudzawauza kuti chawatsegulira njira n'chiyani: chisomo, kapena maliro a mwamuna wawo?